Makina Oswa Mtedza a Mdzukulu wa Ackim

Lolemba, 2 Juni

Ackim wabwera. Mng'ono wanga, wa ku Mpingwe uja. Zaka zitatu osaponda kuno ku Nkolokosa pokhapokha kukakhala maliro, lero watulukira ndi galimoto yotsukidwa, jekete, ndi paketi ya shuga m'manja. Nditangoona shugayo ndinadziwa kuti munthuyu akufuna kanthu.

Nkhani ndi ya mdzukulu wake wamkazi, Atikonda, amene akuphunzira uinjiniya pa yunivesite m'tauni muno. Chaka chomaliza. Iye ndi mnzake wina awauza kuti apange makina oswa mtedza, akawaonetse kwa aphunzitsi awo Lolemba pa 16. Mwanayu anabwereza kale chaka chimodzi. Akalephera ulendo uno amuchotsa, zaka zonse zija n'kulowa m'madzi.

Ackim akuti ana ambiri amachita chonchi. Amatenga pepala lojambulapo makinawo, kupita nalo kwa owotcherera a ku Ndirande, amisiriwo n'kuwapangira. Iwo ntchito yawo kupaka penti, kumanga tayi, kuima pambali pake tsiku loonetsa. "Ndiye ndinati tivutikirenji ndi anthu achilendo achimwene alipo? Paja inu za manja mumazitha."

Za manja.

Mawu amenewo si ake. Ndi a malemu bambo athu, 1968, pakhonde ku Bangwe, atangoweruka ku fodya. Munthu anachokera ku Milanje wapansi, sukulu ya ana awiri sakanaikwanitsa, ndiye anatiyang'ana nati, "Pearson ali ndi manja, Ackim ali ndi mutu." Ine ndinali nditakhoza Sitandade 8, nambala 2 m'kalasi. Ackim chaka chotsatira anakhala nambala 19. Iye ku sekondale. Ine ku Makata kukasesa zitsulo, kenako zaka 36 ndikukonza makina a m'fakitale, iye ali mu ofesi fani ikumuuzira mphepo. M'buku muno ndimamulemba kuti B.M., Bwana Mutu. Sakudziwa.

Ndavomera.

Atapita, mkazi wanga Anjelina anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Elliot, mwavomera msanga bwanji? Inu mukamwetulira chonchi ine ndimayamba kubisa matambula."

Lachitatu, 4 Juni

Abwera ainjiniya. Atikonda wakula, wafanana ndi malemu amayi athu pachipumi. Ulemu ali nawo, anagwada pondipatsa moni, koma foni sanaisiye, anagwada nayo. Mnzakeyo dzina lake Roy. Buluku lothina ngati anabadwa nalo. Akundiitana kuti madala.

Abweretsa mota, zitsulo, maberingi awiri, ndi pepala lawo lalikulu. Pepala lokongola ndithu. Pakona yam'munsi pali dzina la koleji ina ya kunja kwa dziko, anaiwala kufufuta. Ndinaloza ndi chala. Roy anati, "Aa, imeneyo ndi refalensi, madala."

Makina ake si ovuta. Mtedza umalowa pamwamba, dilamu lokhala ndi mano limazungulira n'kumaukwecha pa sefa yachitsulo, makoko amasweka, njere n'kugwera mu ndowa pansi. Ndinawafunsa kuti mpata wa pakati pa dilamu ndi sefa ukhale waukulu bwanji. Anayang'anana. Roy anati, "Zimenezo ndi za pulakitiko. Ifeyo tili mbali ya dizaini."

Ndinati, "Atikonda, tandipatsa sipanala 13." Anandipatsa pulayala. Ndi manja awiri, mwaulemu.

Zaka zonsezi pa yunivesite. Ndikanakonda B.M. akanakhalapo aone.

Lachinayi, 5 Juni

Kudula ndi kuwotcherera tsiku lonse. Magetsi anazima 10 koloko, abwera 3. Pepala lawo ndakulungira misomali. Ine makina sindinawaphunzire papepala.

Lachisanu, 6 Juni

Ainjiniya sanabwere. Atikonda watumiza uthenga pa foni ya Anjelina, "Agogo zikuyenda?" ndi kachithunzi ka manja opemphera. Ndinauza Anjelina ayankhe kuti manja amenewo abwere nawo kuno agwire chitsulo. Wangoyankha kuti inde, akuti zinazo batani lake sanalipeze.

Ndodo zowotcherera zinatha, ndinapita m'tauni. Pobwera mu minibasi munali ana a yunivesite atatu mpando wakumbuyo. Wina akuti, "Ako akukupangira ndani?" Mnzake, "Mdala wina wa ku Ndirande, wa diso limodzi." "Amatha?" "Chaka chatha anakhozetsa anthu sikisi."

Mdala wa diso limodzi ali ndi madigiri sikisi ndipo sakudziwa. Tsiku lina ndidzamufunafuna timwe tiyi.

Ku Makata ankabwera otere. Chipewa choyera, mabolopeni atatu pathumba. Makina akaima ankandiitanira pambali: a Pearson, inu mukuona ngati ndi chiyani? Ndikawauza, ankapita kwa bwana kukanena zomwezo m'Chingerezi. Poweruka iwo pa galimoto, ine wapansi.

Loweruka, 7 Juni

Makina atha, aimirira. Okongola, olimba, pakhoza kukwera anthu awiri. Pule yaikulu ya pa dilamu, yomwe lamba amakoka, ndaika yanga ya mainchesi khumi, imene ndinachoka nayo ku Makata m'njira yomwe sindilemba muno.

Anjelina anakagula ku Limbe mtedza wamakoko woyesera, thumba lathunthu. Ndinathira. Ndinayatsa.

Chabwino, bukuli ndi langa, palibe aliwerenge. Makina akuphwanya mtedza. Osati pang'ono. Pa njere khumi, zathunthu zikutuluka zitatu, zina zonse zidutswa ndi ufa. Ndinatseka chitseko cha shedi msanga.

Ndi mpata basi. Lolemba ndikonza.

Lamulungu, 8 Juni

Ku Misa ndimangoganiza za mpata. Ulaliki unali wa kudzikuza, woyenera Ackim, koma iye amapemphera ku Limbe.

Lolemba, 9 Juni

Ndakulitsa mpata: mtedza ukutuluka ndi makoko ake, wosasweka, ngati wangodutsa kudzapereka moni. Ndachepetsa: ufa. Ndaika pakatikati: theka makoko, theka ufa. Mano a dilamu ndawapala ndi tupa mpaka phewa kuwawa. Chimodzimodzi.

Zophwanyikazo ndikumapatsa Anjelina kuti asinje. Dzulo masamba otendera, lero otendera. Poika mbale patebulo anati, "Nsinjiro zachuluka m'nyumba muno masiku ano. Tayamba kulemera kapena?" Sindinayankhe. Ndinali ndi chakudya m'kamwa.

B.M. waimba foni. Abwera mawa ndi ana kudzaona.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinalawirira, chiperoni chitakuta phiri la Soche, ndinakakhala kuseri kwa bafa kuswa mtedza ndi manja. Beseni lathunthu. Zala zachita kutupa. Njere zathunthuzo ndinazithira mu ndowa ya pansi pa makina n'kuikankhira mkati. Makoko ake opanda kanthu ndinawasunga m'beseni.

Anafika 2 koloko. Ndinathira makoko aja pamwamba mwachangu, kuyatsa, phokoso, fumbi, B.M. kuthawitsa jekete lake pakhomo. Ndinazimitsa, kukoka ndowa, kuikhutchumula, kuuzira makoko. Mtedza wathunthu wokhawokha, wofiira bwino.

B.M. anaomba m'manja. Ndiye anatembenukira kwa mdzukulu wake. "Atikonda, wakhoza, mwana wanga. Injiniya woyamba m'banja lathu."

Woyamba. Ine ndili pomwepo, girisi mpaka m'zigongono.

Roy anajambula zithunzi, dzanja lili pa mota ngati pa phewa la chibwenzi. Akuti kwatsala penti ya buluu, abwera nayo Lachinayi. Atikonda yekha ndiye sanasangalale kwenikweni. Anati chaka chino kwabwera mphunzitsi wina, mayi, amene akumauza ana kuti amasule chitsulo chimodzi n'kuchibwezeretsa iye akuona, wolephera n'kumubweza. Roy anati ndi mphekesera chabe, ndipo ngati zili zoona iye adzayankhula Chingerezi chambiri mpaka nthawi ithe.

Potsanzika B.M. anandigwira paphewa, ndi zala ziwiri kuopa girisi. "Mwaona achimwene, mutu ndi manja zikagwirizana."

Lachitatu, 11 Juni

Ndamasula zonse. Bawuti iliyonse, nati iliyonse, sefa, dilamu, maberingi, lamba, mota. Chatsala chilili ndi felemu yokha poti ndi yowotcherera. Zina zonse zili m'matumba atatu a feteleza, ndasakaniza bwinobwino ngati chakudya cha nkhuku.

Anthu akandifunsa ndidzati mwana wa yunivesite aphunzire kudzigwirira ntchito yake, digiri isakhale ya agogo. Mawu abwino, wansembe akhoza kuwabwereka.

Chifukwa china, ndikufuna ndione nkhope ya B.M.

Chachitatu n'choti makina ali m'thumba saphwanya mtedza. Akadzawamanga iwo n'kuphwanya, olakwa adzakhala iwo.

Ndadya bwino masana. Otendera.

Lachinayi, 12 Juni

Abwera ndi penti ndi maburashi awiri. Ndinawatsegulira shedi ndekha.

Roy anayang'ana felemu, kuyang'ana matumba, kuyang'ana ine. "Madala, akuba?"

"Ayi. Makina anu onse alipo, palibe chasowa. Ndinawapanga kuti muone kuti zimatheka. Tsopano pangani."

Anayankhula Chingerezi. Zina ndinamva, poti mabwana a ku Makata ankatukwana chimodzimodzi. Ananyamuka kuti akupita ku Ndirande. Anabwerera patatha maola awiri nsapato zili mbuu: amisiri onse adzaza, aliyense ali ndi makina a ana a sukulu anayi kapena asanu pamzere, akuti bwerani mwezi wamawa. Ndiye anati iye akukalemba lipoti, poti lipoti ndiye lili ndi malikisi ambiri. Sanabwerenso lero.

B.M. pa foni, mawu akunjenjemera. "Achimwene, ngati muli nane chifukwa, nenani ndi ine. Mwana walakwanji?" Ndinati netiweki ikuvuta, sindikumva. Ndimamva bwinobwino. Zaka 57 ndakhala ndikudikira kuti mawu ake anjenjemere. Ndinkayesa zidzakoma kuposa apa.

Atikonda sanakalipe. Anakhala pa thumba limodzi, foni ili pansi, misozi ikungotsika osapukuta. Kenako anati, "Agogo, kwatsala masiku anayi. Akandichotsa ndikawauza chiyani amayi?"

Ndinati masiku anayi ndi ambiri, ine ndinamasula tsiku limodzi. Anatola foni yake n'kumapita osatsanzika.

Tiyi wa 4 koloko analibe shuga. Ndinafunsa. Anjelina akuti shuga amene ali m'nyumba muno ndi wa Ackim, ndiye munthu wodana ndi Ackim asamwe. Ndinamuuza mawu anga aja, a digiri isakhale ya agogo. Anati, "Mawuwo ndi abwino. Koma sanachokere pamalo abwino." Anamwa wake wa masupuni atatu ine ndikuona.

Lachisanu, 13 Juni

Hafu sikisi m'mawa, kugogoda. Atikonda, yekha, nsapato zakutha, duku kumutu. Anjelina anamupatsa ovolosi yanga yakale, anaipinda katatu kumiyendo.

Ndinamuuza malamulo. Ine ndikhala pampando. Chitsulo sindigwira. Akafunsa funso lenileni ndiyankha, koma "agogo ndipange bwanji" si funso.

Anakhuthula matumba onse pansi. Ola lathunthu anangosanja, mabawuti aatali uku, aafupi uku, chilichonse ndi chinzake. Ine sindinachitepo zimenezo moyo wanga wonse, ndimangopisa dzanja. Sindinamuuze kuti ndi nzeru.

Beringi ya kumanzere anaiika mozondotsa katatu. Kachitatu ndinatsokomola. Anati, "Chifuwa chimenecho ndi yankho?" Ndinati ndi chiperoni. Anaitembenuza.

Sipanala inaterereka, anadzisupula chala. Anayamwa chalacho, kutukwana pang'ono m'Chingerezi, kupepesa, kupitiriza.

Masana tikudya mbatata ndinamukumbutsa za wailesi yanga. Ali ndi zaka eyiti anabwera kuno patchuthi, anaimasula yonse ndi mpeni wa patebulo kuti aone anthu oyankhulawo akhala pati. Ndinamukalipira tsiku limenelo, koma ku bawo ndinauza anzanga onse. Ndinamufunsa kuti mwana uja anapita kuti.

Anati, "Agogo, kusukulu palibe amakufunsa ngati wadziwa. Amakufunsa ngati wapereka. Chaka choyamba ndinkapanga ndekha zonse, ndinkapeza 52. Anzanga okopera 75. Ndiye munthu umatopa."

Ndinati nanga makina a m'fakitale akadzaima, udzawauza kuti unapeza 75 kuti ayende? Anati, "Inu agogo mukuyankhula ngati zikwangwani za pakhoma la laibulale." Anaseka, koyamba kuyambira dzulo.

Pofika 5 koloko dilamu lili m'malo, likuzungulira ndi dzanja osakhula paliponse. Mmene ndinamangira ine linkakhula pang'ono kumanzere. Izinso sindinamuuze.

Mawa ayatsa. Ndikudziwa chomwe chituluke.

Loweruka, 14 Juni

Anamaliza 11 koloko. Anathira mtedza, anachita chizindikiro cha mtanda, anayatsa. Ufa.

Anazimitsa. "Lachiwiri unkatuluka wathunthu. Ndalakwitsa pati?" Ine ndinayang'ana kudenga. Anamasula sefa, kuibwezera, kuyatsa. Ufa. Anamasulanso, mabawuti akumupulumuka. Kachitatu anakhala pansi pa simenti nati, "Basi agogo. Mwina amene amati sindingathe amanena zoona."

Ndimafuna kunena. Ndithu ndimafuna. Ndimangodikira kuti mawu oyenera abwere kaye.

Anjelina sanadikire mawu oyenera. Analowa ndi ndowa ya nsinjiro, yodzaza, n'kuiika pakati pathu. "Iwe Ati, leka kulira. Izi ndi za makina a agogo akowa, kuyambira Loweruka latha. Mtedza unauona Lachiwiri uja anaswa ndi manja kuseri kwa bafa, m'makinamo anathira makoko okhaokha. Taona zala zawo." Ndipo anatuluka. Zaka 46 za ukwati.

Atikonda anayang'ana zala zanga. Ndinazibisa m'khwapa, mochedwa. Anayamba kuseka, kuseka mpaka kugona chammbali pa matumba. "Agogo. Inunso munabera mayeso."

Ndinati si kubera, ndi kuonetsa chitsanzo cha mmene ziyenera kutulukira.

Atatha kuseka anapukuta maso, anapita pa mota, anapala ndi chikhadabo kachitsulo kolembedwa ka pambali pake. Anawerenga, 1440. Anandibwereka tepi, anayeza pule yaing'ono ya pa mota, mainchesi atatu. Yaikulu ija, khumi. Analemba ndi choko changa pa chitseko cha shedi, foni osaigwira.

"Dilamu lanu likuzungulira ka 432 pa mphindi imodzi. Mtedza sufuna kupitirira 250, tinaphunzira chaka chachitatu. Simukuuswa, agogo, mukuumenya. Vuto si mpata, ndi liwiro."

Ndinati zaka 36.

"Zaka 36 za makina ofuna liwiro. Pepala lija lili kuti?"

Ndinakhuthula misomali. Anatambasula pepalalo, ladzimbiri, lobookabooka. Chala chake chinaima pa pule yaikulu. 18. Zinalembedwa kuyambira tsiku loyamba. Ine sindinawerenge chifukwa ndi pepala. Iye sanawerenge chifukwa anangolitenga pa intaneti. Mbuli ziwiri m'shedi imodzi.

Anati mawa tipita ku Limbe. Sanandifunse, anangondiuza.

Atapita masamu ake ndawayesa ndekha pachikuto cha bukuli. 1440 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 18. 240. Ndapeza ulendo woyamba, popanda kufufuta.

Lamulungu, 15 Juni

Misa yoyamba, kenako minibasi ya ku Limbe. Ogulitsa zitsulo zakale ambiri otseka, tsiku la Mulungu. Amene anatsegula ndi Fahim, kuseri kwa msika, iye lake ndi Lachisanu. Timadziwana kuyambira kale. Anayamba kuyankhula ndi ine, ndinamulozera mwana. "Bwana ndi awa."

Atikonda anakwera yekha pa mulu wa zitsulo, tepi m'manja, diresi la ku tchalitchi. Fahim anamutolera ya 16, akuti ndi chimodzimodzi. Mwana anati, "Imeneyo ndi 270, amalume. Ndikufuna 18." Fahim anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale. Mwanayo anaipeza pansi pa chitseko cha lole, ndi lamba wautali woyenerana nayo.

Kunyumba, bowo la pule linali lalikulu pang'ono kuposa shafiti, chitsulo cha dilamu cholowa m'bowomo. Apa ndiye pa ine. Ndinadzuka pampando. Anati, "Khalani pansi, agogo. Malamulo ndi anu omwe. Ndiuzeni ndi pakamwa." Ndinamuuza adule kachidutswa ka chitini, akulunge shafiti, akhomere pule pang'onopang'ono kudzera pa thabwa, osati hamala pachitsulo. Kukhala pampando wina akugwira ntchito yako mochedwa ndi chilango. Ndinachita kukhalira manja anga.

Itakwana 4 anatenga beseni la mtedza. Asanathire anafinya makoko angapo kuona ngati muli kanthu, akundiyang'ana. Mwana wopanda ulemu.

Anayatsa. Kulira kwake kwasintha, kwatsika, ngati munthu wonenepa amene sakuthamangira kulikonse. Anakoka ndowa. Tinawerenga njere zana limodzi pa thabwa. Zosweka sikisi. Anawerenganso kachiwiri, sikisi yemweyo. Anakhala pansi n'kuyamba kudya zoswekazo.

Roy anafika 5 koloko ndi penti ija, akununkhira perefyumu. "Aise, zatheka? Tipake." Atikonda anamupatsa sipanala. "Masula sefa, uibwezeretse. Ukalephera, mawa ndikanena pamaso pa onse kuti mbali yako inali kujambula zithunzi." Roy anamasula kasanu mpaka kunja kunada. Buluku lija linang'ambika kumbuyo powerama, Anjelina anamubwereka chitenje. Pochoka anati, "Tapita, agogo." Za madala zatha.

Penti sanapake. Atikonda akuti mphunzitsi aone zitsulo mmene zilili.

Lolemba, 16 Juni

Ndikulemba ndili pa benchi, pa yunivesite. Koyamba kulowa geti limeneli, zaka zonsezi ndimangoliona pa windo la minibasi. Makina tinabwera nawo pa kalole ka a January, aneba athu. Mlonda akuti makolo saloledwa m'chipinda choonetsera, ndiye atikhazika pakhonde, ine ndi B.M. Iye suti, ine jekete la kumaliro. Kuyambira Lachinayi sitinayankhulane. Wakhala kumapeto kwa benchi, ine kumapeto kuno, pakati pakhoza kukwana anthu atatu.

Makina a anzawo adutsa apa, onse a buluu, owala. Atatu ndazindikira kuti anawotcherera ndi munthu mmodzi. Gulu lina latuluka, mtsikana akulira, mnyamata atanyamula lamba m'manja ngati njoka yakufa. Za mayi uja si mphekesera.

Athu alowa 10:20. Kudzera pakhoma tamva Chingerezi cha Roy, chachitali. Wina wamudula. Kenako mota. Yalira mphindi ziwiri, yazima. Kenako zii.

Chitseko chatseguka, Atikonda akuthamanga, malaya oyera atapinda manja. "Agogo, chikwama cha zida. Akuti sefa ndi yophweka, ndichotse dilamu lonse." Chikwama chinali pamiyendo panga. Ndinali nditakonza mawu oti ndimunong'oneze, za mbali yoyambira kumasula. Ndangoti, "Uyambe ndi," iye walowa kale, chitseko chatsekeka.

Mphindi 25 tsopano. B.M. wayang'ana wotchi kasanu ndi kawiri, ndawerenga. Wavula tayi, waiika m'thumba. Mkatimo zitsulo zikugogoda. Chinachake chagwa pansi n'kugubuduka mpaka kugunda chitseko. B.M. waimirira, wakhalanso.

Mota yayaka.

Ndatseka maso kuti ndimve bwino. Palibe chikukhula. Lamba sakuterereka. Mtedza ukulowa, makoko akuthetheka mofewa, ndipo pansi pake njere zikugwera mu ndowa, zolemera, zathunthu. Wina waseka mkatimo, mawu a mayi wamkulu, wati athirenso wina.

Potsegula maso ndapeza Ackim wasendera, ali pambali panga penipeni, phewa lake likugunda langa. Wanong'ona, "Achimwene, ine sinditha kumva zimenezi. Kulira kumeneko ndi kwabwino kapena koipa?"

Ndamusiya adikire pang'ono. Ndikumalizitsa kaye mzere uno.